Mmene Ndinachotsera Sahwira Wanga Ntchito Chifukwa cha Jenerali Papaya

Ine si munthu wa kanema. Mphamvu zanga zonse zinathera pansi pa nthaka, mumgodi wa asibesitosi kuno ku Zvishavane, ndipo munthu amene anaonapo denga la mwala likugwa safuna kuonetsedwanso zina. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Inandikwana. Baibulo ndimawerenga, chikwangwani ndimawerenga, ndipo wabodza ndimamudziwa asanatsegule pakamwa.

Kanemayo anabwera naye ndi mwana wanga wamkazi, uja amagulitsa zovala ku Mbizo. Anatsika kombi atasenza chikatoni, kondakitala akumutsatira ndi sola ndi batire.

"Baba," anatero, "anthu akudandaula. Akuti mumangokhala pakhonde n'kumakalipira aliyense wodutsa. Muzionera izi."

"Amadutsa molakwika," ndinatero.

Anasiyanso kachitsulo konga chala, kotchedwa fulashi, mmene munali sewero lalitali la magawo ambirimbiri. Anaphunzitsa amayi ake kudina mabatani. Ine ndinakana. Munthu amene ankaphulitsa miyala sangaphunzitsidwe kudina ndi mwana wake.

Magetsi a ku Maglas, komboni yathu, sadalirika, ndiye tinkaonera masana, dzuwa likakhutitsa batire. Tinkakhala atatu: ine pampando wanga, mayi a kunyumba pamphasa ndi mbale ya mtedza wokazinga, ndi sahwira wanga pandowa yozondoka, chifukwa mpando wachiwiri ndi wa alendo ndipo iye si mlendo.

Za sahwira ndifotokoze, poti ena owerenga ali kumudzi. Makolo athu ku Malawi anali ndi adzukulu owaika m'manda. Kuno anafika opanda mudzi, opanda manda a makolo, ndiye anatengera mwambo wa eni dziko, Mashona. Sahwira ndi mnzako amene si mbale wako. Mumapangana kuti woyamba kufa adzaikidwa ndi wotsalayo. Ndiye amakutseka maso, amakusambitsa, amakuyang'anira mpaka dothi lomaliza. Ndiponso ndi iye yekha amene amaloledwa kunena zoona pamaliro. Amavala zovala zako, amayenda monga unkayendera, amaulula kuuma manja kwako ndi ukali wako, mpaka olira ayambe kuseka. Uli moyo amakunyoza. Utafa amakunyoza. Palibe mlandu.

Wangayo makolo ake anachokera ku Tete. Ndi wamfupi, wadazi, ndipo mano akutsogolo anawasiya mumgodi. Tinayamba kutsika chikepe limodzi tili anyamata, ine wophulitsa miyala, iye wokankha ngolo. Amaimba kwaya ku tchalitchi. Sadziwa kuimba.

Sewerolo linali la chombo chachikulu ngati tauni, choyenda pakati pa nyenyezi. M'menemo munali mitundu yonse: obiriwira, amichira, ena a maso kumbuyo, koma onse olankhula Chizungu chosalala kuposa cha mabwana athu akale. Zitseko zinkatseguka zokha. Chakudya chinkatuluka m'khoma. Mayi anaona msanga kuti m'chombo monsemo palibe amene ankachapa zovala, ndipo kuyambira pamenepo sanawakhulupirirenso anthuwo. Ine ndinkaonera kuti ndipeze zolakwika. Zinalipo zambiri, moti sindinaphonye gawo.

Munali jenerali wina wa mutu wautali wachikasu, wosongoka kumwamba. Tinamutcha Papaya. Poyamba ndinkamulemekeza. Ankalankhula pang'ono, ankaima mowongoka, nsapato zake zinali zopukuta.

"Ndiwe uyo," sahwira ankatero. "Mutu womwewo. Kungoti wakewo ndi wakupsa."

"Tseka pakamwa. Geti lako lilibe chitseko, ntchentche zikulowa."

Tsoka linabwera pamene nkhondo ya m'sewerolo inafika pa mwezi wina kumene kunali mgodi. Ankakumbamo anthu aafupi a maso akuluakulu, ofatsa, onyamula nyale pamphumi ngati ife. Zigawenga zinathawira m'mgodimo. Papaya anaima pawindo la chombo, manja kumbuyo, n'kulamula kuti makomo onse a mgodi aphulitsidwe. Shifiti yonse ili pansi.

Tsono mvetsani. Kuphulitsa kuli ndi malamulo ake. Umatulutsa anthu onse. Umawerenga mitu yawo. Umaika mlonda panjira iliyonse. Umaliza belu. Kenako umafuula kuti "Basopa! Chisa!" mpaka kukhosi kuume, kuti ngakhale wogontha adziwe kuti moto ukubwera. Ukatero ndiye umayatsa. Papaya sanachite ngakhale chimodzi. Anangogwedeza chala.

Ndinaimirira.

"Iwe! Wawerenga anthu?"

"Khala pansi, ukutitchinga," anatero sahwira.

"Belu lili kuti? Mlonda ali kuti? Anakupatsa ndani tikiti yophulitsira iwe?"

"Bambo," anatero mayi, "sakukumvani."

"Akumva. Akungodzigonthetsa."

Ndinamuponyera chipewa. Chinagunda kanema n'kugwera mumtedza.

"Ndi nkhondo, mdala," sahwira anatero, akuchotsa chipewacho kuti afike pa mtedza. "Pankhondo saliza belu."

"Ndiye nkhondoyo ndi yachabechabe."

Ndinapitiriza kuonera chifukwa ndinkadikira chilango. Ndinalibe chikaiko kuti chikubwera. Anthu odziwa kupanga zombo zouluka sangasiye mlandu wotere uli poyera. Koma sewero linayamba kukhota. Papaya anayamba kusowa tulo. Anayamba kulira misozi yobiriwira pagalasi. Anapulumutsa chombo chodzaza ana a sukulu. Kenako anagalukira mfumu yake n'kuthetsa nkhondo yonse. Gawo lililonse sahwira ankasuntha ndowa yake kuyandikira kanema.

"Taona, walapa," ankatero. "Taona maso akewo."

"Misozi sifukula munthu."

Linafika tsiku la mlandu. Ndinavala jekete la ku tchalitchi. Oweruza anakhala pamipando yoyandama m'malere. Kunabwera mayi wina wa kumgodi kuja, amene mwamuna wake anatsala pansi, ndipo analankhula bwino kwambiri. Anati chakudya chimene anamuphikira tsiku limenelo sanachitayebe. Mayi a kunyumba anapukuta m'maso ndi chitenje. Ine ndinatsokomola. Ndi fumbi lakale.

Oweruza anapita kukanong'onezana. Atabwera anati chifukwa cha mtendere, jenerali wakhululukidwa. Anamupatsa nyumba ndi dimba pa dziko lina labata. Gawolo linatha iye akuthirira kabichi wowala ngati nyale.

Sahwira anaomba m'manja. Anayambitsa ndi nyimbo yomwe.

"Dimba," ndinatero. "Ine ndinagwira ntchito osapha ngakhale khoswe, ndinatsala ndi chifuwa. Uyu wakwirira shifiti yonse, wapatsidwa dimba."

"Ukufuna amuchite chiyani? Amunyonge? Chingwe chikadutsa bwanji mutu umenewo?"

"Amupatse fosholo. Akafukule yekha, mmodzimmodzi, awabweze kwa akazi awo. Akamaliza tikambirane za kabichi."

"Ine ndikanamupatsa zovala za m'chombo monse," anatero mayi. "Achape pamanja. Ndi za amichira zomwe."

"Nanga wakuba wa pamtanda uja?" sahwira anandifunsa. "Anapatsidwa fosholo?"

"Wakuba uja anali pamtanda. Uyu ali m'dimba."

Apa sahwira anasiya kuseka. Anakhala pandowa n'kupukuta dazi lake.

"Tamvera," anatero. "Kwathu ku Tete, munthu amene anatentha mudzi wa amalume anga pankhondo ija, lero amagulitsa tomato pamsika. Ana a amalume amagula. Amadziwana bwinobwino. Ukufuna azithira chiyani m'ndiwo, chilungamo? Nkhondo imatha tsiku limene wina wasiya kuwerenga."

Ndiye ndinakwiya kwambiri.

"Kusiya kuwerenga! Mwamva, mayi? Munthu amene adzandiike ine akuti kuwerenga n'kosafunika. Akuombera m'manja wokwirira anthu amoyo. Iweyo tsiku lina ndidzangogona tulo tamasana, podzuka dothi lili m'kamwa, iwe ukuimba pamwamba."

"Ndidzayamba ndakutsina."

"Sudzandikhudza. Ndakuchotsa ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Yausahwira. Tuluka."

Anandiyang'ana, anayang'ana mayi, anavala chipewa chake. Potuluka anakokolola mtedza wonse wotsala n'kuthira m'thumba.

"Bambo," anatero mayi, "sahwira sachotsedwa ntchito. Si waganyu."

"Uyu wachotsedwa."

"Ndiye adzakuikani ndani?"

"Anthu ndi ambiri m'Maglas muno."

Nkhaniyo inafika ku tchalitchi ine ndisanafike. Potuluka m'mapemphero madala anagawikana pansi pa mtengo, ena kwa ine, ena kwa iye, ngakhale panalibe mmodzi yemwe amene anaonerapo sewerolo. Wina, wokwatira kwa eni dziko, anati mlandu wotere sutha ndi oweruza, mizimu ya okwiriridwawo idzamutsata jeneraliyo mpaka alipe ng'ombe. Anzake anamufunsa ngati pamwezi pali ng'ombe. Anati zimenezo n'za wolakwayo, afunefune.

Mwana wa ku Mbizo uja anaimba foni atamva. Ankaseka mpaka kutsamwa. Anati si ife tokha. Anati dziko lonse lapansi likukangana za Papaya pamafoni: ena akuti anyongedwe, ena akuti ndi woyera mtima, ena anatukwanana mpaka kuthetsa chibwenzi, ndipo pali gulu la akazi amene akufuna kukwatiwa naye.

"Ana a anthu? Ndi mutu umenewo?"

"Baba, mutuwo ndi wamphira. M'kati muli mzungu wabwinobwino, ali ndi ana ake."

"Ndikudziwa. Sindine mwana. Anawo akudziwa zimene bambo wawo anachita?"

Ndinamutuma kuti awauze a m'foniwo kuti ku Zvishavane kuli mwini ntchitoyi, ndipo akuti belu silinalire. Anati awauza. Ndikukaika ngati anawauza.

Ndinayamba kufunafuna sahwira watsopano. Ndinkayesa nkhani yaing'ono.

Woyamba anali telala wa kuseri kwa nyumba yathu, Mkaranga waulemu, mmodzi wa eni dziko, dikoni kumpingo wake. Ndinamukhazika pampando wa alendo, ndinamufotokozera, anavomera ndi manja awiri.

"Chabwino," ndinatero. "Tandinyozani ndimve."

"Pepani, sekuru?" anatero, monga eni dziko amaitanira agogo.

"Ndafa. Ndagona apo. Anthu adzaza. Nenani."

Anaimirira, anakonza kolala, anayang'ana pamphasa pamene ndinaloza.

"Sekuru awa," anayamba, "anali munthu wosunga nthawi."

"Kunyoza kumeneko?"

"Nthawi zina ankalankhula mokweza pang'ono."

"Pang'ono?"

"Koma mwachikondi."

Ndinamupatsa tiyi n'kumuperekeza. Munthu wotere angakuike ngati akuika mlendo.

Wachiwiri ndinamupeza ku bhawa, kumene timamwera. Anali wokumba golide m'mapiri, bambo wa imvi kale, dothi lofiira mpaka m'makutu. Uyu sanadikire kupemphedwa kawiri.

"Mudhara, nkhope yanu ili ngati jombo yoiwalidwa pamvula. Mukamayenda mafupa amalira ngati wilibala. Makutu anu munthu angayanikepo matemba."

Anzake anagwa nako kuseka. Ndinavomereza kuti mphatso ali nayo. Koma pobwerera ndinaganiza. Zonsezo angathe kunenera nkhalamba iliyonse ya m'tauni muno. Sadziwa kuti ndinakhala nyengo yonse ya mvula osalankhula ndi mlamu wanga chifukwa cha pampu ya njinga. Sadziwa kuti paukwati wanga ndinadzudzula abusa chifukwa chochedwa. Konseko ndinkalondola, koma si pamene pali nkhani. Kunyoza kwa sahwira kumafuna zaka. Sungakupeze pa bhawa.

Ndinabwererabe kuti ndimuyese komaliza. Ndinamufunsa ngati amalidziwa sewero lija. Anati analionera lonse pafoni.

"Nanga jenerali uja?"

"Wa mutu uja? Shasha ameneyo, katswiri! Akanakhala wa kuno tikanayenda naye kumapiri."

Ndinanyamuka osamaliza mowa wanga.

Ndinafika mpaka pofunsa mayi ngati iwowo sangagwire ntchitoyi.

"Mkazi saika mwamuna wake," anatero. "Komanso ine nditati ndiyambe kunena zoona, anthu angathe ufa akudikira kuti ndimalize."

Kanema nayenso anaima. Mu fulashi munali mutatsala magawo ena, ndipo ine ndinkakhulupirirabe kuti mlandu uja udzachitidwa apilo. Koma chala cha mayi chinadwala.

"Chikupweteka," ankatero, akusenda nacho mbatata.

"Dinani ndi china."

"Zonse zimamvera chimenechi."

Ndinayesa ndekha iwo atapita kumsika. Ndinadina batani lofiira, kanema anayamba kulankhula chinenero chachilendo. Ndinadina lina, anada bii. Ndinamufunditsa nsalu yake n'kukakhala pakhonde ngati sindinalowemo.

Wochotsedwa ntchito uja ankadutsa pampanda pathu tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono, ngati ali ndi zochita kumapeto kwa msewu, kumene kulibe kanthu koma dzala. Ine sankandiona. Ankapatsa moni mayi okha, mokweza.

"Amai, mwaswera? Kabichi wa jenerali wakula bwanji?"

"Sitikudziwa, a sahwira. Chala."

"Pepani. Moni kwa malemu."

Kenako kunagwa maliro mumzere wa nyumba wa kumtunda kwathu. Anamwalira mdala wina amene tinagwira naye ntchito, woyang'anira makina opopa madzi. Sahwira wake anatsogola kalekale, ndipo ana ake analowa mpingo watsopano umene sufuna zoseka pamaliro. Munthuyo tinkamudziwa tonse. Anali wandewu, wokonda akazi, woweta nkhunda zimene ankazikonda kuposa ana ake, ndipo ankaseka ngati bulu. Mlaliki anati anali nkhosa yofatsa. Anati sanakwezepo mawu pa munthu. Anthu anati ameni. Palibe anatchula nkhunda. Palibe anaseka ngati bulu kuti timumve komaliza. Anyamata aganyu anakwirira mofulumira n'kukwera lole. Tinaika munthu wina tsiku limenelo. Mnzathu uja sindikudziwa anapita kuti.

Kutsidya kwa dzenje kunaima wadazi uja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, pang'onopang'ono, monga kalipentala amayezera matabwa. Kenako anapukusa mutu n'kuyang'ana kumbali.

Nditafika kunyumba sindinadye. Ndinakhala pakhonde, anthu akudutsa mmene afunira, ine duu. Ndinkamuona telala ataima pamutu panga akunena kuti ndinali wosunga nthawi, wachikondi, ana anga akuti ameni. Ana a ana anga, amene Chichewa chimawavuta kale, akanakula akuganiza kuti agogo awo anali nkhosa.

"Mupite mukamupepese," anatero mayi.

"Ndalakwa chiyani? Belu linalira?"

"Silinalire."

"Basi."

Koma m'mawa mwake ndinawaona akufukula m'sutikesi yakale ya pansi pa bedi, ndipo popita kumsika dengu lawo linali lodzaza, zimene sizichitika popita.

Masana a Loweruka ndinamva phokoso kumsewu, azimayi akuseka, agalu akuuwa. Geti linatseguka ndipo ndinalowa ine. Ndikutanthauza kuti kunalowa ovolosi yanga yakale ya kumgodi, chisoti changa, jombo zanga, ndi jekete langa la ku tchalitchi pamwamba pake. M'kati mwa zonsezi munali sahwira. Miyendo ya ovolosi anaipindapinda kuti asaiponde. Pambuyo pake panali theka la Maglas.

"Ndinachotsedwa ntchito," analengeza kwa anthu, "popanda notisi. Koma ntchito iyi ndakhala ndikuikonzekera kuyambira ndili ndi mano. Sindingaitaye. Poti malemu sakufuna ndidzawaike, aonere lero, ali maso. Amai, yalani mphasa."

Mayi anayala mphasa pabwalo. Chala chinali chitachira. Anaikapo mtsamiro n'kuufunditsa bulangete. Ameneyo ndiye anali ine.

Ndikanatha kuwathamangitsa onse. Ndinakhala kuti ndipeze zolakwika.

Anayamba ndi kayendedwe. Manja kumbuyo, chibwano m'mwamba, kutsimphina. Anaima pageti n'kukalipira wodutsa chifukwa chokoka mapazi. Anakalipira nkhuku. Anakalipira mtambo. Kenako anachita za paukwati wanga, iye yekha kukhala ine, abusa ndi mkwatibwi, ine ndikuonetsa abusa wotchi. Mayi anakhala pansi, atagwira nthiti. Anachita za pampu ya njinga. Anachita mmene ndimatsatira ndi maso nyama iliyonse yochoka m'mbale kupita kukamwa kwa mlendo. Telala anali pampanda, akuseka atatseka pakamwa ndi manja onse.

Anachitanso ina imene ambiri sankaidziwa. Tsiku lina pansi paja, nthawi yoyatsa itakwana, mutu umodzi unasowa. Kapitawo ankakuwa kuti yatsa, mwina munthuyo watuluka kale. Ine ndinakana. Tinafunafuna mpaka tinapeza wina atadzipinda m'ngolo, akuliza mkonono. Sahwira anaonetsa anthu mmene ndinamutulutsira munthuyo chogwira khutu, ndi mapama amene ndinamupatsa panjira yonse mpaka pachikepe. Anachita bwino mbali zonse ziwiri. Wogonayo anali iye.

Kenako anatulutsa papaya weniweni m'jekete, anamukhazika pandowa, anabwerera m'mbuyo n'kumuloza ndi chala.

"Iwe! Wawerenga anthu? Belu lili kuti? Tikiti yako ili kuti?"

Anamugenda ndi chisoti. Papaya anagwa n'kuphulika. Anthu anakuwa ngati kubwalo la mpira.

Atatopa anagwada pambali pa mtsamiro uja n'kukonza bulangete bwinobwino. Analankhula ndi mawu ake enieni tsopano.

"Uyu anali wovuta. Koma zaka zonse zimene ankayatsa moto pansi paja, ine ndinkakankha ngolo osacheuka. Ndinkadziwa kuti wandiwerenga."

Atatero anatsina mtsamiro mwamphamvu, n'kuikapo khutu.

"Wafadi. Kwirirani."

Fumbi lakale linandigwiranso pakhosi. Nditamaliza kutsokomola ndinaimirira, ndipo anthu anapatuka.

"Mwendo," ndinatero.

"Watani?"

"Ukutsimphina wamanja. Wanga ndi wamanzere. Ndipo abusa sindinawaonetse wotchi, ndinalibe wotchi. Ndinawaonetsa dzuwa. Zaka zonsezi ukukonzekera, ntchito yake n'kukhala imeneyi?"

"Ndiye lemba wina."

"Ndisiye ntchito yokhota chonchi? Udzandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Ubwere Lolemba tidzakonze. Ubweretse jombo zanga."

"Ndabwezeredwa?"

"Tikuyesa kaye."

Anthu anabalalika. Nkhuku zinamaliza jenerali.

Lolemba anabwera. Tinakonza mwendo pabwalo, uku ndi uku, mpaka anaugwira. Kenako mayi anadina batani, ndipo masiku otsatirawo tinaonera magawo onse otsala. Apilo panalibe. Kunabuka nkhondo ina, ya anthu onga nkhanu. Papaya anangooneka kamodzi, akupalira. Mayi wa kumgodi uja sanamuonetsenso. Fulashi itatha ndinaimbira mwana ku Mbizo kuti atumize yotsatira. Anati palibe, opanga sewero analekera pomwepo. Ndiye kuti mpaka lero munthu uja ali m'dimba.

Sahwira sanasinthe maganizo. Inenso sindinasinthe, chifukwa ndikulondola. Koma ndinamuikira lamulo limodzi, mayi ali mboni.

"Pamaliro anga udzanene zonse. Usadzasiyeko kanthu. Koma ukadzangoyerekeza kunena kuti Papaya analibe mlandu, ndidzadzuka."

"Udzadzukadi?"

"Ndidzadzuka."



"Basi ndidzanena," anatero. "Ndidzanena mokweza."